Mmene Ndinavinira ndi Apongozi Anga

Anzawo a apongozi anga aamuna ankabwera kuchokera ku Joni ndi njinga, majasi aatali ndi chifuwa chosatha. Koma apongoziwo anabwera ndi dansi. Anaiphunzira ku holo ya pamgodi, kwa anthu ovala mataye, ndipo atabwerera kuno kwathu ku Ntcheu anagula nyumba imene kale inali golosale, m'mbali mwa msewu wopita ku Lizulu. Anagumula kauntala, nakonza simenti, naipaka polishi wofiira. Chikwangwani sanaike. Aliyense ankangoti ku holo, ndipo ngakhale wakabaza wachilendo ankakufikitsa.

Dansi yake inali ya awiriawiri, mwamuna ndi mkazi kugwirana bwinobwino, dzanja lina m'mwamba lina kumsana, n'kumayenda mozungulira. Iwo ankaitcha wolosi. Inkayamba Loweruka lililonse thuu koloko masana n'kutha dzuwa lisanalowe, kuti pasapezeke wonena kuti munthu wopemphera watsegula bala. Mowa sunkalowa, jombo za kumunda sizinkalowa. Nkhondo yawo yaikulu inali ndi mapazi athu. Ife Angoni tikangomva nyimbo phazi limafuna kuswa nthaka, ndiye mkuluyo ankayenda pakati pathu akuwerenga, "Wani, thuu, firii," kwinaku akudandaula kuti, "Abambo, simukupha njoka apa. Tsetserekani."

Panalinso lamulo limene palibe analilemba. Nyimbo yoyamba inali ya eni holo. Iwo ndi akazi awo ankalowa pakati awiriwiri, ena tonse titakhala m'mabenchi m'mbali mwa khoma, maso ali pa mapazi awo. Akazungulira kawiri ankagwedeza mutu, ndiye tonse tinkadzuka n'kuchita zimene taona. Akayambira kumanzere, tsiku limenelo aliyense ankayambira kumanzere. Loweruka lina anabwera atabaidwa ndi chitsa kudimba, ndipo holo yonse inavina motsimphina mpaka madzulo.

Ine ku holoko sindinapitire dansi. Ndinali mphunzitsi wongofika kumene m'deralo, ndipo ndinaona mwana wawo wamkazi akupukuta mazenera. Mkuluyo anandizindikira tsiku loyamba lomwe. Anangondipatsa tsache lalitali kuti ndizivina nalo pakona, miyezi isanu ndi umodzi, mpaka chigongono changa chitasiya kugwa. Pomwe ankandilola kugwira munthu n'kuti ndikudziwa wolosi kuposa masamu amene ndinkaphunzitsa. Chaka chotsatira ndinakwatira mwana wawoyo, n'kumanga nyumba kuseri kwa khola lawo monga amachitira akamwini.

Kuyambira tsiku la ukwati, amayi a mkazi wanga anasanduka munthu woti ndizimuthawa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sagwirana chanza, sakhala pamphasa imodzi, sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira m'chimanga. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga ine ndili pomwepo, "Uwauze bambo a ana kuti mbuzi zalowa kudimba," ndipo yankho langa linkadutsanso mwa yemweyo. Ku holo zinkavuta pamene mwini wake wafuula kuti tisinthane, akazi n'kumasunthira kwa mwamuna wotsatira. Ndinkawerengeratu mitu, ndipo apongozi akatsala anthu awiri kuti afike pa ine, ndinkatuluka kukaona ngati njinga yanga ikadalipo. Zaka khumi ndi zinayi ndinayang'anira njinga imeneyo, ndipo sinabedwepo.

Kolona itafika, analengeza pa wailesi kuti tizitalikirana, tisamagwirane chanza. Ine ndi apongozi tinalibe chatsopano choti tiphunzire. Koma holo inatsekedwa, poti dansi yake yonse inali kugwirana kumene ankaletsako. Mwini wake ankapitabe Loweruka lililonse kukapaka polishi yekhayekha. M'nyengo ya mvula ija pamene maliro ankangotsatizana, anayamba kutsokomola Lachiwiri, Lamulungu n'kuti tili kumanda. Anawaika anthu ovala mapulasitiki oyera, ife titaima patali ngati ongodutsa. Mpaka lero ndikakumbukira tsiku limenelo mtima umandiwawa, chifukwa munthu amene anaphunzitsa dera lonse kugwirana anapita popanda womugwira. Tinabwerera kunyumba aliyense njira yake.

Holo inagwa m'manja mwa kachewere. Wamalonda wina wa ku Lizulu anapempha kuti azisungiramo matumba ake a mbatata ya kachewereyo, ndipo apongozi anavomera, poti makoswe anali atayamba kale kukhalamo ulele. Matumba anadzaza mpaka kudenga. Mliri unayamba kuzilala, mamasiki anatsikira pachibwano kenako m'thumba, matchalitchi anadzazanso, mabala ndiye sanatsekedwepo n'komwe. Ku holo kokha n'kumene kunkatulukabe fungo la kachewere wowola.

Tsiku lina, matumba atatha kupita kumsika, wamalondayo anabwera ndi tepi yoyezera. Ankaifuna nyumbayo mpaka kalekale, ndipo ankafuna kugumula khoma lakutsogolo kuti lole izilowa chammbuyo. Chakumadzulo apongozi anabwera pakhonde pathu, nakhala atatembenukira kumbali, nauza mkazi wanga.

"Uwauze bambo a ana kuti ine ndatopa kuyang'ana nyumba ija ili chitsekere. Ngati alipo ofunabe kuvina, abwere Loweruka lomaliza la mwezi uno. Akavina, holo ikhala. Akapanda kuvina, Lolemba lake khoma ligwe, ndisamaionenso."

"Uwauze amayi kuti ndamva," ndinatero ine, ndikuyang'ana nkhuku.

Tsono ife kuno munthu akapatsidwa ntchito, choyamba amapanga komiti, ndipo ine sindine wosiyana ndi anzanga. Ndinaitana anthu akale a ku holo. Anabwera asanu ndi anayi, ndipo pomwe tinkabalalika aliyense anali ndi udindo. Panali wapampando ndi wachiwiri wake, mlembi ndi wachiwiri wake, mpaka mlangizi wa komiti amene ntchito yake inali kulangiza wapampando. Pampandopo tinaikapo bambo wina wopuma ntchito ya umesenjala, amene pa zaka zonse za holo sanaphunzirepo kutsetsereka, koma mawu ake amamveka kutsidya kwa msewu. Ine anandisiyira udindo wa mkamwini, ndiko kuti tsache, ndowa ndi polishi.

Tinakumana kanayi. Tinakambirana za ndowa yosambira m'manja, ngati iikidwe kumanja kwa chitseko kapena kumanzere. Tinakambirana ngati mlangizi wa zaumoyo alankhule wapampando asanalankhule kapena pambuyo pake, ndipo nkhani imeneyi inatidyera masana athunthu, mlembi mpaka anaopseza kutula pansi udindo. Nsalu ya patebulo la alendo olemekezeka nayonso inali ndi tsiku lake. Chimene sitinakambirane n'chakuti ndani adzatsegule nyimbo yoyamba ndi apongozi. Aliyense ankadziwa kuti funsolo lilipo. Koma kulifunsa kunali kutchula malemu, ndiye tikaliyandikira wina ankatsokomola n'kubwezera nkhani ku ndowa. Inenso ndinakhala chete, ndikudzinamiza kuti mkamwini salowerera za eni mudzi.

Ntchito yeniyeni tinagwira ine ndi mkazi wanga. Dothi la kachewere linali litalowerera m'simenti, moti tinakwecha masiku atatu titagwada. Makoswe anali atadya mawaya a sipika, ndinachita kulumikiza ndekha ndi tepi yakuda. Mwamwayi nyimbo za malemu zinalipo, anali atazisamutsira pa kakhadi ka m'foni asanadwale. Tsiku lachitatu apongozi anaima pakhomo, osalowa, nauza mkazi wanga kuti andiuze kuti polishi sapaka ngati ukumata khoma, amazungulizira. Ndinayambiranso pakona.

Kenako ndinakwera njinga kukaitana anthu. Ndinafika mpaka ku Nzama, ndipo kwa amene anasamukira ku Kasinje ndinatumiza uthenga pa foni. Akazi ankalandira nkhaniyi ndi manja awiri. Vuto linali amuna. Mwa abambo atatu amene ankadziwa kutsogolera mkazi bwinobwino, mmodzi anatsatira malemu mwezi womwewo, wina ndinamupeza miyendo itatupa ili m'beseni. Wachitatu anali atalowa mpingo watsopano nthawi ya mliri. Anandilandira pakhomo, osandipatsa mpando.

"Aphunzitsi, kodi simunaonebe chimene chinabweretsa matenda aja?" anandifunsa.

Ndinati ndinamva kuti anachokera kunja.

"Anachokera ku holo. Kugwiragwira akazi a eni kuja mumati Kumwamba sakuona?"

Bambo ameneyu ndi amene kale ankafika woyamba, tsitsi litanyowa mafuta, ndipo pa nthawi yosinthana ankachita kuthamangira. Ndinafuna kumukumbutsa, koma ndinangotsanzika. Anyamata ndiye anali atapita ku Joni, kumene masiku ano amabwerako ndi mafoni okha.

Lachisanu, tikuyala mabenchi, mkazi wanga anafunsa chimene komiti yonse inachiopa. "Nanga amayi mawa avina ndi ndani?" Ndinayankha kuti zimenezo wapampando ayenera kuti waziganizira. Anandiyang'ana momwe amayang'anira mwana akanama kuti wasamba.

Loweruka lija anthu anabwera, ndisaname. Mabenchi anadzaza, ena anaima m'mazenera. Akazi anatulutsa madiresi amene anagona m'masutikesi zaka ziwiri, akununkha mankhwala a njenjete. Wamalonda uja nayenso anabwera. Anaima pakhomo, tepi yake ikusuzumira m'thumba la malaya, akuti ankangodutsa.

Tinayamba ndi pemphero, lalitali ndithu. Kenako wapampando analandira alendo mmodzimmodzi powatchula maudindo, nayamba mbiri ya holo kuchokera tsiku limene malemu ananyamuka kupita ku Joni. Mlangizi wa zaumoyo anatiphunzitsa kusamba m'manja, chala chimodzichimodzi, anthu oti ambiri ali ndi zidzukulu. Wachiwiri kwa wapampando anati alibe zambiri zonena, ndipo analankhula kuposa onse. Ine ndinkangoyang'ana mthunzi ukukwawa pa simenti, mtima ukuwira. Inali itadutsa folo koloko pamene wapampando anati, "Tsopano tafika pa chimene tabwerera," nakhala pansi, napinda manja.

Ndinayatsa nyimbo. Palibe anadzuka.

Nyimbo inkapita, anthu akuyang'ana simenti yofiirayo ngati mtsinje wodzaza. Ndinakoka dzanja la mkazi wanga kuti mwina ife titsegule. Tisanaponde kawiri, wapampando anandikodola, nandinong'oneza ndi mawu ake aja moti holo yonse inamva.

"Aphunzitsi, pepani, koma nyimbo yoyamba ndi ya eni ake. Inu paja ndinu obwera."

Makutu ananditentha. Simenti imene ankandiletsa kupondayo ndinaikwecha ndine, maondo anali akadali ndi mabala.

"Nanga inuyo bwanji osawatenga amayiwa?" ndinawafunsa.

"Ine ndine wapampando. Ndikuyang'anira mwambo."

Ndinayang'ana abambo ena. Aliyense anapeza chokonza pa chingwe cha nsapato yake. Sindikuwanena kwambiri. Ena ankaopa kuima pamalo pa malemu, ena ankaopa akazi awo, ndipo onse ankadziwa kuti akangoyerekeza awaponda mayiwo zala anthu akuona.

Nyimbo inatha. Ndinaibwezera poyambira. Apa m'pamene apongozi anadzuka. Anali atavala diresi lobiriwira limene sindinalionenso chimwalirire amuna awo, ndi nsapato zakuda za chidendene chachifupi. Anayenda okha mpaka pakati, naima pamene ankaima nthawi zonse. Anakweza dzanja lamanja m'mwamba, lamanzere nalipinda kutsogolo, pamene pamakhala phewa la mwamuna. Sanaitane munthu. Anangoima choncho, mayi wa imvi, maso ali kukhoma, nyimbo ikupita. Pakhomo paja wamalonda anayamba kuyeza khoma ndi maso, kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Ndinapsa mtima ndi tonsefe, ndipo mayiwo ndinawamvera chisoni. Mwamuna yekhayo m'holo monsemo amene akanatha kuwatsogolera ndinali ine, ndipo ine ndi amene sindinkayenera kuwakhudza ngakhale chala. Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinadzuka.

Mayi wina kumbuyo anafunsa mnzake, "Kodi aphunzitsiwa mutu ukugwira?" Ndinayenda mpaka panatsala mikono iwiri, pamtunda umene ndimaima ndikamawapatsa moni wa m'mawa, ndipo ndinalekera pomwepo. Ndinanyonyomala pang'ono n'kuomba m'manja kawiri mwaulemu. Kenako ndinaimirira, n'kukweza dzanja lamanzere, lamanja n'kulipinda ngati lagwira msana wa munthu. Maso ndinawalozetsa kuzenera. Iwo sanasunthe, koma manja sanatsitse.

Chovuta n'chakuti pa wolosi mwamuna amatsogolera ndi dzanja la kumsana. Popanda kukhudza, mkazi sangadziwe kumene mukulowera. Ndiye ndinachita zimene ndinazimva Loweruka lililonse kwa zaka zonse zija. Ndinawerenga mokweza, "Wani, thuu, firii."

Pa wani ndinaponda kutsogolo, iwo anabwerera m'mbuyo. Sanaphonye. Tinayamba kuzungulira, mpata wa pakati pathu osachepa osakula, ine ndikuyang'ana zenera, iwo akuyang'ana khoma. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Tikafika pakona ndinkakweza mawu pang'ono, iwo n'kutembenuka ngati ndawakhudza. Ndavinapo ndi akazi ambiri m'holo imeneyo, koma womva nyimbo ngati iwo sindinamuonepo, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikuzidziwa tsiku limenelo.

Titazungulira kawiri, apongozi anagwedeza mutu monga ankachitira malemu. Mabenchi analira, anthu anadzuka. Ndipo poti lamulo la holo ndi kuchita zimene waona, aliyense anaima patali ndi mnzake, manja m'mwamba, atagwira mphepo. Wapampando ndi akazi awo, anthu oti anabereka ana asanu ndi atatu, ankazungulira atasiya mikono iwiri pakati, nkhope zosaseka, bamboyo akuswa simenti ndi chidendene. Panalibe amene sankadziwa chimene chinatitalikitsa ine ndi apongozi. Koma panalibenso wofuna kukhala woyamba kuvina mosiyana ndi eni holo. Onse ankawerenga mokweza ngati ana a sitandade wani, akugundana misana poti banja lililonse linkafuna malo a anthu atatu. Mkazi wanga anaseka mpaka anagwira khoma, misozi ikutsika, ndipo sindikudziwa kuti ina mwa misoziyo inali ya chiyani.

Tinavina nyimbo zinayi choncho. Bambo wa miyendo yotupa uja, amene anamubweretsa pa njinga kuti adzangoonerera, anadzuka nayenso, nati dansi yopanda kunyamula munthu ngakhale iye angaithe.

Mlangizi wa zaumoyo ndiye anakondwa koopsa. Anajambula pa foni, ndipo potseka anapempha kulankhulanso. Anati chiyambire ntchito sanaonepo anthu omvera uphungu ngati ife, ndipo akanena kwa akuluakulu ake kuti uthenga kuno unafika. Wapampando anavomereza, nati komiti inakonza zimenezi dala pa misonkhano yake inayi. Anthu anaomba m'manja. Wamalonda n'kuti atapita kale, sindinaone nthawi imene anachokera.

Anthu atabalalika, dzuwa likadalipo pang'ono, tinatsala atatu. Ine ndinkasesa chakukhomo, mkazi wanga akupinda nsalu ya patebulo, apongozi atakhala pa benchi chofulatira, akuvula nsapato. Ndinali ndi mantha. Kuwakhudza sindinawakhudze, koma ndinaima pamaso pawo mudzi wonse ukuona, ndipo sindinkadziwa ngati mumtima mwawo akuti ndawathandiza kapena ndawachititsa manyazi. Za khoma lija anali asananenepo kanthu. Anayamba kusisita phazi.

"Uwauze bambo a ana," anatero kenako, "kuti khoma lisagwe. Loweruka atsegulenso, koma komiti ija isadzalankhule."

"Amva, amayi," anayankha mkazi wanga.

"Uwauzenso kuti pa nyimbo yoyamba aziima pomwe anaima lero. Asamayandikire, asamatalikirenso." Anaika nsapato m'jumbo, namanga pakamwa pake. "Mpata umene anasiya uja ukuwakwana bwino bambo ako. Lero ndavina nawo."

Uthenga umenewu mkazi wanga sanaufikitse, anangophimba nkhope ndi nsalu ija. Ndinaumva ndekha.